Fluoxetine sanatulukiridwe mwangozi ndi munthu mmodzi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akubwereza nkhani yakuti fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo omwe ambiri amawadziwa ndi dzina la Prozac, anatulukiridwa mwangozi ndi wasayansi mmodzi, ndiponso kuti ndi oyamba a mtundu wake. Mfundo ziwiri zonsezi si zoona.

Ntchitoyi inagwiridwa ndi gulu la akatswiri pa kampani ina yopanga mankhwala mumzinda wa Indianapolis ku America. Iwo anayambira pa diphenhydramine, mankhwala akale a ziwengo, n'kumasintha kapangidwe kake pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chimene apanga ankachiyesa pa timinofu ta ubongo wa makoswe, pofuna kupeza chomwe chingaletse minyewa kuyamwanso msanga serotonin, kemikolo ya mu ubongo yomwe imathandiza minyewayo kutumizirana mauthenga. Mu 1972 anaona kuti fluoxetine akuchita zimenezi, koma boma la America linawavomereza mu December 1987, patatha zaka 15, ndipo kwa ine kutalika kwa nthawiyi kokha kukusonyeza kuti inali ntchito ya khama.

Pa nkhani yokhala oyamba, zimelidine wa ku Sweden, yemwenso amaletsa minyewa kuyamwanso serotonin, anafika pamsika mu 1982, ndipo anachotsedwa mu 1983 odwala ena atayamba matenda ofoola minyewa.

Aliyense angathe kutsimikiza zimenezi yekha, chifukwa zikalata za patent (zosonyeza umwini wa chinthu chomwe munthu watulukira), zomwe zimatchula mayina a opanga ndi madeti, zimapezeka pa intaneti kwaulere. Ngati simunaone umboni woterewu, chonde musatumizire anzanu nkhaniyo pa WhatsApp.