Wotchi ya kompyuta ikayamba kunama: mafunso ndi mayankho okhudza NTP

Kompyuta iliyonse ili ndi wotchi yake, ndipo palibe wotchi yomwe imayenda bwino mpaka kalekale popanda woikonza. Ntchito yoikonzayo imagwiridwa ndi ndondomeko yotchedwa NTP (Network Time Protocol), yotengera nthawi yolondola ku makompyuta ena otchedwa maseva, yomwe David L. Mills wa ku University of Delaware anaiyambitsa, ndipo malamulo ake oyamba anasindikizidwa mu 1985. Zinthu zikamayenda bwino palibe amene amaiganizira. Zikasokonekera, ambiri amathamangira kusintha seva, komwe nthawi zambiri kumakhala kukanda pamene sipakuyabwa.

Wotchi yanga yalakwika. Ndiyambire pati?

Musakhudze kalikonse kaye. Yerekezani nthawi ya pakompyutapo ndi ya pa foni yomwe ili pa netiweki, muone kuti yalakwika motani, chifukwa kalakwikidwe kakeko ndi komwe kamaulula matenda.

Ngati mphindi zili zolondola koma maola asiyana ndi ola limodzi, awiri kapena atatu athunthu, NTP ilibe mlandu. Seva ya NTP imapereka nthawi ya UTC yokha, yomwe ndi imodzi padziko lonse, ndipo sidziwa n'komwe dziko lomwe muli. Kompyuta yanu ndi imene imawonjezera kapena kuchotsera maola malinga ndi chigawo cha nthawi chomwe munasankha. Konzani chigawocho, basi.

Ngati mukayatsa kompyuta mumapeza kuti yabwerera zaka zambiri m'mbuyo, pa 1 Januwale pa chaka china chakalekale, ndiye kuti kabatire kakang'ono ka pa bolodi katha mphamvu. Pa makompyuta ambiri a patebulo kabatireka ndi ka CR2032, ka mavoti 3, kooneka ngati batani la malaya. Ndi kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikakhala yozimitsa.

Koma ngati wotchi imatsalira kapena kuthamanga pang'onopang'ono, lero masekondi ochepa, pakutha pa mwezi mphindi yathunthu, apo ndiye kuti kompyuta yasiya kulankhulana ndi seva ya nthawi.

N'chifukwa chiyani wotchi imasochera yokha?

M'kati mwake muli kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera, ndipo ka wotchi ya pa bolodi kamayenera kutero ka 32,768 pa sekondi. Kutentha, kuzizira ndi kukalamba zimasintha liwiro lake. Kakangophonya ndi magawo 20 pa magawo 1 miliyoni, wotchi imasochera ndi masekondi pafupifupi 1.7 pa tsiku. Si kuwonongeka ayi, ndi mmene zinthuzi zilili.

Kodi mphindi zochepazo zili ndi vuto lanji?

Vuto lilipo, ndipo limabwera litavala chigoba. Pa netiweki ya ku ofesi yogwiritsa ntchito Kerberos (njira yotsimikizira olowa), monga ya Active Directory (yoyang'anira makompyuta a Windows a bungwe), kompyuta ikasiyana ndi seva kupitirira mphindi 5 mukhoza kukanizidwa kulowa, inu n'kumaganiza kuti mwaiwala pasiwedi. Manambala otsimikizira olowera mu akaunti, aja amasintha pa masekondi 30 alionse, amawerengedwa potengera nthawi, choncho chipangizo cha wotchi yolakwika chimapereka manambala omwe seva imawakana. Tsiku likalakwika kwambiri, masamba a pa intaneti amakana kutseguka, ati satifiketi yatha kapena sinayambe kugwira ntchito. Amene amayang'anira maseva amadziwanso mutu womwe umawawa pofufuza vuto m'malogi (mafayilo olemba zomwe zachitika) a makina awiri osagwirizana nthawi: chotsatira chimaoneka ngati chinachitika choyambitsa chisanachitike.

Ndingadziwe bwanji ngati kompyuta ikulandiradi nthawi kuchokera ku seva?

Pa Windows tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe `w32tm /query /source`. Mukaona dzina la seva, monga time.windows.com, zili bwino. Mukaona mawu akuti Local CMOS Clock kapena Free-running System Clock, ndiye kuti makinawo akudzidalira okha. Lamulo la `w32tm /query /status` limakuuzaninso tsiku lomaliza lomwe nthawi inakonzedwa.

Pa Linux yambani ndi `timedatectl`, muone ngati pa mzere wa System clock synchronized palembedwa yes. Kenako zimatengera pulogalamu yokonza nthawi yomwe muli nayo. Ngati ndi chrony, lembani `chronyc sources -v` ndi `chronyc tracking`. Ngati ndi ntpd yakale ija, lembani `ntpq -p`.

Nanga zizindikiro ndi manambala omwe amatulukawo akutanthauzanji?

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa tebulo laling'ono lomwe `chronyc sources -v` kapena `ntpq -p` imatulutsa limanena pafupifupi zonse.

Yang'anani chizindikiro chomwe chili kumanzere kwa dzina la seva. Nyenyezi ikutanthauza kuti seva imeneyo ndi yomwe yasankhidwa kuti izitsatiridwa. Chizindikiro chophatikiza ndi seva yabwino yomwe ikuthandizira. Chilembo cha x ndi seva yomwe yapezeka kuti ikunama poiyerekeza ndi zinzake. Pa chrony, chizindikiro cha funso kawirikawiri chimasonyeza seva yomwe sikuyankha kapena yomwe sinayankhe mokwanira. Ngati palibe nyenyezi paliponse patatha mphindi zingapo, wotchi yanu sikukonzedwa, ngakhale pulogalamuyo ikuyenda.

Kenako pali reach. Nambala imeneyi imasokoneza ambiri chifukwa imawerengedwa m'magulu a 8, osati a 10 monga tinazolowera. Imakumbukira maulendo 8 omaliza omwe kompyuta inafunsa seva. Mukaona 377, onse 8 anayankhidwa. Mukaona 0, palibe yankho ndi limodzi lomwe. Pulogalamu ikangoyamba, nambalayi imakwera motere: 1, 3, 7, 17, 37, 77, 177, mpaka 377. Choncho 17 si chizindikiro cha vuto ngati mwangoyatsa kumene. Koma 376 ikukuuzani kuti funso laposachedwapa silinayankhidwe, ndipo ikamangodumphadumpha osakhazikika pa 377, mapaketi akutayika panjira.

Stratum ndi mtunda wochokera ku gwero la nthawi. Wotchi za atomiki ndi zolandirira GPS zili pa 0, seva yolumikizidwa mwachindunji ku zimenezi ili pa 1, yotengera kwa iyo ili pa 2, mpaka 15. Mukaona 16, sevayo ikuvomereza yokha kuti ilibe nthawi yodalirika. Ndinenepo pano kuti kulimbikira kufuna seva ya stratum 1 n'kudzivutitsa chabe. Seva ya stratum 2 kapena 3 yomwe ili pafupi nanu pa netiweki imaposa ya stratum 1 yomwe ili kutsidya kwa nyanja. Chifukwa chake n'chakuti NTP imawerenga nthawi yomwe funso linachoka, linafika, yankho linanyamuka ndi pomwe linabwerera, kenako imaganiza kuti ulendo wopita ndi wobwerera zinatenga nthawi yofanana. Njira ikatalika, kuganiza kumeneku kumaphonya kwambiri.

Seva ikuyankha ping koma nthawi sikubwera. Zatheka bwanji?

Ping, lamulo longoyesa ngati makina ena akuyankha, ndi NTP zimadutsa makomo osiyana. NTP imadutsa pa UDP, poti 123, ndipo firewall, mlonda wa makomo a netiweki, ikhoza kulola ping ndi masamba a intaneti koma n'kutseka khomo limenelo. Makampani ena opereka intaneti anayamba kulitseka kapena kulichepetsa pambuyo pa zomwe zinachitika mu 2013 ndi 2014, pomwe akuba a pa intaneti ankagwiritsa ntchito lamulo la monlist la maseva a NTP kuthira makina a anzawo mauthenga ochuluka mpaka kugwa. Kuti muyese khomo lenilenilo pa Windows, lembani `w32tm /stripchart /computer:pool.ntp.org /samples:5 /dataonly`. Ikakanika pa netiweki ya ku ntchito koma n'kutheka mukalumikiza kompyutayo ku intaneti ya pa foni, mwapeza pomwe pali chotchinga. Mabungwe ambiri amatseka dala kuti makina onse azitenga nthawi ku seva ya m'kati, ndiye funsani oyang'anira netiweki dzina la seva yoyenera.

Palinso msampha wina woseketsa. Ngati tsiku lalakwika kwambiri ndipo makina anu amatsimikizira maina kudzera pa DNSSEC, dzina la seva ya nthawi silingapezeke chifukwa nthawi ndi yolakwika, ndipo nthawi singakonzedwe chifukwa dzina silikupezeka. Ikani tsiku ndi ola pamanja kamodzi, zina zonse zitsatira.

Seva ikuyankha, reach ili pa 377, koma wotchi ikadali yolakwika. Kodi pulogalamuyi yafa?

Mwina ikungotsatira malamulo ake. Pali njira ziwiri zokonzera wotchi: kuidumphitsa kamodzin'kamodzi, kapena kuifulumizitsa ndi kuichedwetsa pang'onopang'ono mpaka ifike. Mapulogalamu a NTP amakonda yachiwiriyi, popeza kubweza wotchi m'mbuyo mwadzidzidzi kumasokoneza ma database ndi ntchito zoikidwiratu nthawi.

Malamulo a ntpd ndi awa. Kusiyana kukakhala kochepera mamilisekondi 128, imakonza pang'onopang'ono. Kukapitirira apo n'kukhalitsa, imadumphitsa. Koma kukapitirira masekondi 1000, omwe ndi mphindi 16 ndi masekondi 40, imaona kuti pali china chachikulu chalakwika, imalemba uthenga mu logi n'kudzitseka. Ambiri amaiyatsanso mobwerezabwereza osadziwa kuti ikuchita dala. Kuiyatsa ndi `-g` kumailola kudumpha kamodzi ngakhale kusiyanako kukule bwanji. Ndipo ngati wina anailetsa kudumpha, dziwani kuti liwiro lake lokonzera silipitirira theka la milisekondi pa sekondi: kukonza sekondi imodzi kumatenga mphindi 33, ndipo mphindi 10 zimatenga pafupifupi masiku 14.

Pa chrony, mzere wa `makestep 1.0 3` mu fayilo yake ya makonzedwe umaloleza kudumpha pa maulendo atatu oyambirira okha ngati kusiyana kwaposa sekondi imodzi. Mukafuna kukakamiza pompopompo, lembani `chronyc makestep`, koma osati pa seva yomwe database ikugwira ntchito. Windows nayo ili ndi malire: pa kompyuta yomwe siili mu domain (gulu la makompyuta a Active Directory), imakana kukonza kusiyana koposa maola 15. Isendezeni pafupi pamanja, kenako `w32tm /resync`.

Ndiike maseva angati?

Anayi. Ndi imodzi, mumakhulupirira chilichonse chomwe yanena. Ndi awiri, akatsutsana palibe woweruza. Ndi atatu, awiri akhoza kugonjetsa wonama, koma imodzi ikazima mwabwerera pa awiri paja. Mutu umodzi susenza denga. Njira yosavuta ndi mzere wa `pool pool.ntp.org iburst` mu fayilo ya makonzedwe ya chrony kapena ntpd, womwe umatenga maseva angapo kuchokera ku gulu la maseva a anthu odzipereka lomwe linayamba mu 2003. Liwu la iburst limachititsa kuti mafunso oyamba atumizidwe mofulumira, nthawi ipezeke m'masekondi ochepa. Pambuyo pake pulogalamu imafunsa pa masekondi 64 mpaka 1024 alionse. Musaichititse kufunsa mopitirira muyeso, chifukwa maseva ena amabweza uthenga wa RATE, kutanthauza kuti mwanyanya, ndipo akhoza kusiya kukuyankhani.

Chenjezo limodzi posakaniza maseva. Nthawi zina sekondi yapadera imawonjezeredwa ku UTC kuti igwirizane ndi kuzungulira kwa dziko, ndipo komaliza zinachitika pa 31 Disembala 2016. Maseva a Google, a time.google.com, salowetsa sekondiyo kamodzi, amaimwaza pa maola ambiri. Pa tsiku lotero iwo ndi maseva wamba amasiyana pang'ono, choncho sankhani mtundu umodzi.

Wotchi ikungodumpha uku ndi uku. Chikuikoka n'chiyani?

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Onetsetsani kuti pa makinawo pakuyenda pulogalamu imodzi yokha yokonza nthawi, kaya chrony, ntpd kapena systemd-timesyncd. Pa makina a virtual, omwe ndi kompyuta yoyenda ngati pulogalamu m'kati mwa kompyuta ina, mkangano umakhala pakati pa NTP ya m'katimo ndi makina enieni omwe akuwanyamula, chifukwa Hyper-V ndi VMware, mapulogalamu oyendetsa makina oterewa, zili ndi njira zawozawo zopatsira nthawi. Pa Hyper-V, lamulo lija la `/query /source` likaonetsa VM IC Time Synchronization Provider, ndiye kuti nthawi ikuchokera kwa mwini nyumba, ndipo iyeyo akalakwitsa alendo onse amalakwitsa naye. Mu Active Directory makompyuta amatengera nthawi kwa ma domain controller (maseva oyang'anira domain), iwonso kwa yomwe ili ndi udindo wa PDC emulator. Imeneyo ndi yomwe iyenera kuloza ku seva zakunja. Kukonza kompyuta imodziimodzi pomwe gwero ndi lolakwika n'kutunga madzi ndi dengu.

Ndili ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi. Ndikachoka kwina kupita kwina maola amasintha.

Onse awiri amagwiritsa ntchito wotchi imodzi ya pa bolodi, koma Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko pomwe Linux imaiwerenga ngati UTC. Aliyense akakonza, amamusokonezera mnzake. Mukhoza kuuza Linux kuti itsatire Windows ndi `timedatectl set-local-rtc 1`, kapena kuuza Windows kuti izisunga UTC poika RealTimeIsUniversal mu registry. Ine ndimakonda yachiwiriyi, makamaka kwa omwe ali m'maiko omwe amasuntha mawotchi ndi ola nyengo ikasintha.

Ndamva kuti NTP idzasokonekera mu 2036. N'zoona?

NTP imawerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1900, ndipo malo osungira nambalayo adzadzaza pa 7 Febuluwale 2036, kuwerengako n'kuyambiranso pa 0. Mtundu wachinayi wa NTP, womwe malamulo ake anatuluka mu 2010, unakonzekera kale zimenezi, bola wotchi ya makinawo isakhale yosochera ndi zaka zoposa 68. Zoyenera kuzikayikira ndi zipangizo zakale zomwe sizilandiranso mapulogalamu atsopano, monga marauta ndi makamera achitetezo omwe akhala pakhoma zaka zambiri. Ngati muli nazo, yang'anani ngati kampani yomwe inazipanga ikutulutsabe firmware yake.