Zojambula za ku Chongoni si za alendo okha

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akuganiza kuti malo a mbiri yakale ndi a alendo ochokera kunja okha, ndipo kupita nawo ana kumeneko n'kuwatayitsa nthawi. Maganizo amenewa ndi olakwika. Ku Chongoni m'boma la Dedza, dera limene bungwe la UNESCO linalizindikira mu 2006 kuti ndi malo a mbiri ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi, kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala: zofiira za Akafula, komanso zoyera zimene Achewa ankajambula ndi dothi pa chinamwali ndi pa miyambo ya Nyau. Mwana amene wafotokozeredwa zimenezi ataima m'phanga la Chentcherere sangatole khala n'kulemba dzina lake pachithunzi, kapena kusonkha moto pansi pake, pakuti wadziwa kuti mwaye ukakuta thanthwelo, zimene anajambula makolo ake sizionekanso.