Mwana akamafunsa kuti "ichi n'chani?" osamuthamangitsa ayi

Uthenga uwu ndi wa amayi, abambo, agogo, azakhali komanso atsikana antchito, aliyense amene amaswera ndi mwana wosakwana zaka 5.

Makolo ambirife timadikira kuti mwana ayambe Sitandade 1 ndiye tiyambe kuganiza za maphunziro ake, pomwe ubongo wake unayamba kale ntchito ali m'mimba. Azaumoyo amakamba kwambiri za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pomwe mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, chifukwa nthawi imeneyi ubongo umakula mwachangu kuposa nthawi ina iliyonse ndipo kuti ukule bwino umafuna chakudya, tulo, chitetezo ku matenda ndi munthu womuyankhula. Chomalizachi sichifuna ndalama koma ndi chimene timachinyozera kwambiri.

Ena amati khanda silimva ndiye uyankhule nalo chani. Limamva. Mukamalisambitsa litchulireni kuti aka ndi kamwendo, awa ndi madzi, mukamayamwitsa muziliyang'ana kumaso, likati "aguu" inu muyankhe ngati lanena nkhani yeniyeni, kenako mudikire liyankhenso. Kupatsana mawu kumeneku ndi komwe kumaphunzitsa mwana kuyankhula. Ndipo muziyankhula naye chiyankhulo cha pakhomo panu, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, musavutike ndi Chingerezi chothyokathyoka poganiza kuti ndiye akhala wanzeru.

Akafika zaka 3 kapena 4 ndiye mafunso aja amayamba, bwanji nkhuku ilibe mano, mvula imachokera kuti, adadi apita kuti, bwanji bwanji mpaka mutu kuwawa. Apa ambiri timangoti iwe choka apa ukundisokosa, kapena timati mwanayu ndi wamwano. Si mwano umenewo. Mwana amene amakalipiridwa nthawi zonse akafunsa amasiya kufunsa, ndipo ndi yemweyo amene mkalasi amadzangokhala duu ngakhale sanamve. Ngati muli otanganidwa muuzeni kuti dikira ndipakule kaye nsima ndikuuza, koma mumuuzedi. Ngati yankho simukulidziwa mubwezereni funso, "iwe ukuganiza kuti bwanji?"

Zoseweretsa zogula ku shopu sizofunikira. Taonani mayi amene akusankha nyemba pa lichero, mwana ali pambali. Amupatsa ntchito yochotsa timiyala ndi nyemba zofumbwa, kenako amuuza kuti zofiira uike apa zoyera apa, ndiye tiwerenge mulu uwu, imodzi, ziwiri, zitatu. Pa mphindi 10 zokhazo mwana uja waphunzira mitundu, kuwerenga, kusiyanitsa zinthu ndipo tizala take tazolowera kugwira zinthu zazing'ono, tizala tomweto ndi timene tidzagwire pensulo. (Wosakwana zaka 3 osamupatsa nyemba kapena mtedza wathunthu, amaika mphuno kapena kutsamwa nazo.) Chimodzimodzi kumsika, awerenge tomato pa mulu. Kudimba afukule nyongolotsi aione. Masanje, kuumba ng'ombe zadothi, galimoto zamawaya, mpira wachikulunga, phada, zonsezi musazitenge ngati kutaya nthawi, zovala zikada zichapidwa.

Madzulo nthano zibwerere. Padangotelo, tili tonse, ndagi, gize. Abambo apa ndiye pamalo panu, kulera si ntchito ya amayi okha, mwana amene bambo ake amasewera naye ndi kumufotokozera zinthu amapindula kwambiri.

Nkhani ya foni ndiyoti tiikambe mosabisa. Kumupatsa mwana foni kuti atonthole n'kophweka, tonse tikudziwa, koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhalitsidwe pa foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Katuni samuyankha mwana akafunsa. Malangizo omwewo akuti wa chaka chimodzi mpaka zaka 2 azigona maola 11 mpaka 14 kuphatikiza tulo ta masana, wa zaka 3 mpaka 4 maola 10 mpaka 13.

Mwana wanjala kapena wodwaladwala sakhala ndi chidwi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumakhudzanso ubongo. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6, kenako yambani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena masamba, uku mukuyamwitsabe mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Mchere ukhale wa ayodini. Azigona mu neti usiku uliwonse, ndipo kusikelo osasiya katemera akatha, kuli vitamini A miyezi 6 iliyonse ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Mwana wachidwi amagwira chilichonse ndiye pakhomo pakonzedwe, m'malo momumenya tsiku lonse. Parafini osasunga mu botolo la zakumwa, mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapilisi a agogo zikhale pamwamba pomwe safika, ndowa ya madzi ivundikiridwe, chitsime chitsekedwe, mbaula ndi poto wa phala zikhale patali ndi pomwe akukwawa. Akamwa parafini musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala. Akapsa thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, kenako kuchipatala.

Ana sakula mofanana, wina amafulumira kuyenda wina kuyankhula. Koma ngati mwana sakutembenuka pakamveka phokoso, sakumwetulira pofika miyezi 3, sakukhala pansi yekha pofika miyezi 9, sakuyenda kapena sanatchule liwu ndi limodzi lomwe pofika miyezi 18, akutuluka mafinya m'khutu, kapena wasiya zinthu zomwe ankatha kuchita kale, musadikire kuti ndi mtundu wa kwa bambo ake. Tengani buku lake la kuchipatala mukaonane ndi a nesi kusikelo kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Akafika zaka 3 funsani kwa amfumu kapena alangizi omwewo komwe kuli sukulu ya mmera mpoyamba yapafupi mukamulembetse.