Mkangano wa gitala ya Daniel Kachamba

Pakati pa anthu okonda nyimbo zakale mu mzinda wa Zomba, kuyambira aphunzitsi ndi ophunzira a pa Chancellor (Yunivesite ya Malawi) mpaka akuluakulu ocheza pa bawo ku Chinamwali ndi ku Matawale, dzina la malemu Daniel Kachamba likangotchulidwa pamabuka mtsutso. Palibe amene amakana kuti mkuluyu gitala ankaidziwa. Pamene amasiyana ndi poti ena amamuika patsogolo pa oimba onse amene dziko lino linabala, pomwe ena amati iye anangotola kwela ya ku Joni n'kuiveka mawu a Chichewa, ndipo kuti mwini nyimbo zathu zenizeni ndi Allan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band.

Mkanganowu sungamveke bwino osayamba taona kumene Kachamba anachokera. Iye anabadwa m'chaka cha 1947, ndipo kwawo kunali m'mudzi wa Singano ku Chileka. Bambo ake, a James Kachamba, nawonso ankaimba gitala. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, banjali linakakhala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, monga ankachitira mabanja ambiri ofuna ntchito. Kumeneko n'kumene mnyamatayu anamva kwela, nyimbo za chitoliro chachitsulo zimene anatchukitsa anthu ngati Spokes Mashiyane m'misewu ya Johannesburg. Atabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anayambitsa gulu limene mng'ono wake Donald ankaliza chitoliro, ena n'kumathandizira ndi maseche komanso babatoni wa nsambo imodzi.

M'chaka cha 1967, Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wochokera ku Austria, anawapeza anyamatawa akuimba mu mzinda wa Blantyre ndipo anayamba kuwajambula. Pofika 1972 abalewa anali atayamba kuitanidwa kunja, ku Nairobi ndi ku Ulaya, ndipo mu 1974 kunatuluka buku la Kubik m'Chingerezi lofotokoza za gulu lawo. Daniel anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. M'chaka chomwecho, konkuno ku Zomba, Yunivesite ya Malawi inasindikiza buku lounika nyimbo za dziko lino limene Kubik analemba mothandizidwa ndi Donald Kachamba, Moya Aliya Malamusi ndi Lidiya Malamusi. Motero ophunzira za nyimbo pa Chancellor akhala akukumana ndi dzina la Kachamba m'mabuku kwa zaka zambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake mtsutsowu umatentha kuno kuposa kwina.

Mlandu woyamba, woti anangotengera za eni, ine sindiuvomereza. Kwela anaiphunziradi kunja, koma chimene anachita nayo ndi chake. Anali ndi njira zingapo zochunira gitala, nthawi zina ankachotsako nsambo imodzi n'kutsala ndi zisanu, ndipo chala chachikulu chinkayendetsa mawu aakulu pamene chala cha mkombaphala chinkaimba nyimbo pamwamba pake, kotero kuti womvera pa wailesi ankayesa kuti akuimba ndi anthu awiri. Ankatha kusintha kuchoka ku sinjonjo kupita ku lumba ya ku Congo ndi Kenya popanda kutaya kamvekedwe kake, ndipo pena ankaimba yekha, gitala m'manja, limba pakamwa. Mawu a nyimbo zake anali a kuno: miseche ya pamudzi, ukwati, ulendo, imfa. Munthu wongokopera sapeka zinthu zotere.

Komanso tiyenera kufunsa kuti "zathu zenizeni" n'ziti. Banjo imene Namoko ankaimba siinabadwire ku Thyolo. Zida ngati banjo ndi gitala zinafala m'midzi yathu kudzera mwa anthu obwerera ku migodi ndi asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anthu a ku Zomba, kumene kuli Cobbe Barracks ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, sayenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Ulendo wa ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa ndi mbiri ya mabanja athu ambiri. Nyimbo yobwera m'chikwama cha mtchona n'kukulira pa bwalo la ku Chileka ndi yathu, monga momwe mwana wobadwira kutheba amalandiridwira kwa ambuye ake. Namoko anali woimba wamkulu, mawu ake achisoni ndi kamvekedwe ka Chilhomwe m'nyimbo zake palibe anafikapo, koma ukulu wake sufuna kuti Kachamba achepetsedwe.

Mlandu wachiwiri ndi wolemerapo. Otsutsa amati dzina la Kachamba linakwezedwa ndi azungu, ndipo kuti pakanapanda Kubik bwenzi ali woimba wa m'misika ngati anzake ambiri amene anaiwalika. Apa pali choonadi chowawa. M'masiku amenewo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo woimba wa kumudzi analibe kwina kojambulitsa nyimbo kapena kolandira malipiro oyenera ntchito yake. Bungwe la COSOMA loteteza umwini wa nyimbo linakhazikitsidwa mu 1992, Kachamba atagona kale m'manda zaka zisanu. Namoko naye, amene anamwalira mu 1995, sanalemere ndi luso lake ngakhale kuti dziko lonse linkamuvinira. Koma zimenezi zikutsutsa ife, osati woimbayo. Kubik sanamuphunzitse Kachamba kukhudza nsambo. Anangokhala ndi makina ojambulira ndi mtima wosunga, pa nthawi imene eni dziko tinkaona woimba gitala ngati munthu wosowa chochita.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ambiri mwa otsutsana ku Zomba amaweruza mlanduwu atangomva nyimbo zochepa zimene wailesi imabwerezabwereza. Zambiri zimene Kubik anajambula zinasungidwa ku Vienna. Donald anapitiriza kuphunzitsa achinyamata kwela ku Chileka mpaka pamene anamwalira mu 2001, ndipo a Moya Aliya Malamusi anasonkhanitsa zida ndi zojambula ku Singano komweko. Likulu losunga mbiri ya dziko, National Archives, lili mu Zomba muno, kufupi ndi yunivesite imene imaphunzitsa za nyimbo. Mabungwe awiriwa ndiwo oyenera kupempha makope a zojambula zonse za Kachamba, pamodzi ndi za Namoko zimene MBC inajambula, kuti wophunzira aliyense wofuna kuyerekeza oimba awiriwa athe kukhala pansi n'kuzimvera zonse.