Mmene mantha a paubwana amaumbira ubongo ndi khalidwe la munthu

Makolo ndi aphunzitsi ambiri amene amabwera ndi mwana kwa ife ogwira ntchito ya thanzi la maganizo kuno ku Dedza amakhala atagamula kale mlandu wake: ndi wamwano, ndi wandewu, m'kalasi sagwira kanthu, kapena pali amene wamulodza. Tikakhala pansi n'kufunsa modekha za pakhomo pamene mwanayo akukulira, nthawi zambiri timapeza kuti khalidwelo lili ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi mmene ubongo wake waumbikira chifukwa cha zimene wakhala akuona, kumva ndi kupirira.

Khanda likamabadwa, ubongo wake umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa munthu wamkulu, koma pofika zaka zisanu umakhala utakula kufika pafupifupi 90 peresenti. M'zaka zoyambirirazi maselo a ubongo amalumikizana mofulumira kwambiri, moti akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amayerekeza kuti pa sekondi iliyonse pamachitika kulumikizana koposa 1 miliyoni. Kulumikizana kumene kukugwiritsidwa ntchito kawirikawiri kumalimba, pamene kosagwiritsidwa ntchito kumafota, monga mmene kanjira kopita kudimba kamakulira anthu akamadutsamo tsiku ndi tsiku, kosiyidwa n'kumera udzu. Khanda likalira mayi n'kuliberekera kumsana, likamwetulira agogo n'kulimwetuliranso, ubongo wake umazolowera kuti akavutika thandizo limabwera. Likamakulira pakati pa phokoso la ndewu, kapena kulira mpaka kutopa popanda womulabadira, ubongo umazolowera zina.

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi pakakhala choopsa. Kakachenjeza, tiziwalo timene tili pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni (timadzi tonyamula uthenga m'thupi) a adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo munthu amakonzeka kumenyana, kuthawa kapena kungouma pamalo amodzi. Zimenezi ndi zabwino pamene munthu wakumana ndi njoka m'munda, chifukwa njokayo ikapita thupi limakhazikika. Vuto limabwera pamene choopsacho chimagona m'nyumba momwemo.

Taganizirani mnyamata wa sitandade 3 amene bambo ake amabwera usiku atamwa kachasu. Mwana wotere sagona tulo teniteni. Amamvetsera mapazi panja, ndipo amadziwa kuchokera pa mmene chitseko chakankhidwira ngati usiku umenewo amayi ake amenyedwa kapena ayi. M'mawa kusukulu, aphunzitsi akangokweza dzanja kuti alembe pa bolodi ali pafupi naye, iye amabisa mutu msangamsanga. Mnzake akamugunda mwangozi pa mzere wa phala, iye waponya kale chibakera. Ubongo wake waphunzira bwino kwambiri ntchito imodzi, yolondera moyo, ndipo mtengo wake ndi wakuti zigawo zina zimatsalira. Cortisol akakhala wochuluka kwa nthawi yaitali amasokoneza hippocampus, chigawo chothandiza kusunga zimene munthu waphunzira, komanso chigawo cha kutsogolo, kuseri kwa chipumi, chimene chimathandiza munthu kudziletsa ndi kuganiza asanachite kanthu. Chigawo cha kutsogolochi chimachedwa kukhwima mwa wina aliyense, mpaka cha m'ma zaka 25, n'chifukwa chake zowawa za pa unyamata nazonso zimasiya chipsera.

Kuti zimenezi zimamutsatira munthu mpaka kukula zinaonekera poyera pa kafukufuku amene madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anachita ku San Diego m'dziko la America, pa anthu oposa 17,000, ndipo zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Anthu amene paubwana anakumana ndi mitundu inayi kapena kuposerapo ya zowawa, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kuona mayi awo akuzunzidwa kapena kukhala ndi chidakwa pakhomo, anapezeka kuti amagwa kwambiri m'uchidakwa ndi m'matenda ovutika maganizo, ndipo kuyesa kudzipha kunali kochuluka pafupifupi ka 12 poyerekeza ndi anzawo amene sanakumane nazo. Ngakhale matenda a mtima anali ochuluka pakati pawo. Kwathu kuno, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anachitiridwapo nkhanza ali ana, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu anachitiridwa nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18.

Ife a ku Dedza ndi Ntcheu tili ndi chifukwa china choganizira nkhaniyi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la mu 1992, Malawi analandira othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri anakhala m'midzi ya m'malire muno. Ana amene anathawa usiku ataona nyumba zikuyaka lero ndi makolo, ena ndi agogo. Pakati pa anthu odutsa m'zotere pamakhala ena amene amalotabe maloto oopsa, amadzidzimuka ndi phokoso laling'ono ndipo amapsa mtima msanga, ndipo ana awo amakulira pansi pa mkwiyo umene sakudziwa kumene unachokera.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kuganiza kuti mwana wovulazidwa watha ntchito, chifukwa umboni sukunena choncho. Ku Romania, ofufuza anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungira ana amasiye mumzinda wa Bucharest, kumene ana ankadyetsedwa koma osanyamulidwa kapena kuyankhulidwa mokwanira. Theka la anawo anapatsidwa mabanja owalera, ndipo amenewa anakula bwino m'nzeru ndi m'chikhalidwe kuposa otsala aja, makamaka amene anatengedwa asanakwanitse zaka ziwiri. Pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, m'dziko la America, wofufuza wina dzina lake Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955, ndipo mwa amene anakulira m'mavuto aakulu, mmodzi mwa atatu alionse anakula kukhala munthu wokhazikika. Chimene ambiri mwa iwo anali nacho ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika, kaya agogo, azakhali kapena mphunzitsi.

Pa chifukwa chimenechi ndimatsutsana ndi mkwapulo monga mankhwala a mwana wotere. Chikwapu chimangotsimikizira ubongo wake kuti dziko ndi loopsadi, ndipo kukhala chete kumene kumatsatira ndi mantha, osati kusintha mtima. Chimene chimathandiza ndi malamulo omveka ndi osasinthasintha, nthawi yodziwika ya kudya ndi kugona, kumuuziratu mwana zimene zichitike, ndiponso kudikira kuti mtima wake ukhale pansi musanayambe kumulangiza. Sukulu za mkombaphala zili ndi mwayi waukulu pano, popeza zimalandira ana pa msinkhu umene ubongo ukuumbika mofulumira.

Koma palibe uphungu umene ungagwire ntchito nkhanzazo zikupitirira. Mukaona mwana amene wayambanso kukodza pogona atasiya kale, wasiya kuyankhula, kapena akuopa munthu wina wake mwapadera, pitani naye ku chipatala cha boma mukafunse ogwira ntchito ya thanzi la maganizo, kanenani ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu kapena ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena imbani nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.