Kachilembo ka H pa pepala la ku labu si chigamulo cha khoti

Sabata siitha osabwera munthu pa windo lathu la ku labu, foni ili m'manja, nkhope ili gwa. "Adokotala, taonani apa alemba H. Ndiye kuti zavuta eti?" Ine si dokotala, ntchito yanga ndi yoyeza magazi, koma dzinalo ndinatopa nako kulikana. Chimene sindinachizolowere mpaka lero ndi funsolo. Nthawi zambiri pepalalo si lake n'komwe. Ndi la mlamu wake ali ku Makanjira, lafika pa WhatsApp, chithunzi chodukiza mwakuti zaka za mwini wake sizikuoneka, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi sizikudziwika, ndipo tizilembo ta muyezo timene timakhala kutsogolo kwa nambala tatsala kunja. Akufuna ndimuuze ngati mlamuyo achire kapena ayi.

Manambala awiri amene mumawaona kumanja kwa pepala, amene makina amayerekeza nawo zotsatira zanu asanalembe H (kutanthauza kuti zakwera kupitirira malire) kapena L (kutanthauza kuti zatsika), sanatsike kumwamba. Anthu anachita kuwapanga. Amasonkhanitsa anthu ooneka athanzi, osachepera 120 malinga ndi malamulo a ntchito yathu, n'kuwayeza onse. Zotsatirazo amazindandalika kuyambira yotsikitsitsa mpaka yokwereretu, kenako amadula nsonga zonse ziwiri. Pa anthu 100 alionse amachotsapo asanu, theka kumunsi, theka kumtunda. Pamene pagwera 95 otsalawo ndiye malire ake.

Asanu ochotsedwa aja sanadwale ayi. Anangopezeka kunsonga, ngati bambo wamtali wa m'mudzi mwanu amene amawerama polowa pakhomo. Choncho munthu mmodzi mwa anthu 20 athanzi labwinobwino amatuluka ndi H kapena L. Ndipo mukamuyeza munthu mmodzi zinthu 20 zosadalirana, mwayi woti chimodzi chidumphe malire umaposa 60 pa 100. Ndiye inu amene mumalipira ku chipatala cha pulaiveti kuti "andiyeze thupi lonse" musanamve kupweteka paliponse, mukapeza kachilembo kamodzi pa masamba atatu musathamangire kugawa katundu.

Funso lotsatira ndi lakuti, athanzi aja anali ayani? Makina ambiri amabwera ndi malire a anthu a ku Ulaya kapena ku America, ndipo ngati palibe wawasintha amatiyeza ife ndi mlingo wa eni akewo. Maselo oyera otchedwa neutrophil ndiwo amationetsa izi kawirikawiri. Kwa azungu malire a m'munsi amakhala cha pa 2.0, koma anthu akuda ambiri amabadwa nawo ocheperapo, chibadwa chomwecho chimene chimatiteteza ku mtundu wa malungo wotchedwa vivax. Mnyamata wosewera mpira, wosamva mutu kapena kutentha thupi, akatuluka ndi 1.6 ndi L pambali pake, ine sizindisowetsa tulo. Akakhala kuti thupi likutentha, kapena akumwa mankhwala amene amatsitsa maselowa, imeneyo ndi nkhani ina.

Komatu musatengerepo mwayi n'kumati zonse "ndi mmene ife tilili". Mwana wa ku Msaka kapena m'mbali mwa Malombe akatuluka ndi H pa maselo ena oyera otchedwa eosinophil, ameneyo ndi H weniweni. Kawirikawiri ndi likodzo kapena njoka za m'mimba, ndipo chofunika ndi kuyeza mkodzo ndi chimbudzi. Titati titenge ana osamba m'nyanja tsiku ndi tsiku n'kupangira malire pa iwo, likodzo tikhoza kulisandutsa thanzi. Kuchuluka kwa anthu amene ali ndi vuto sikulichotsa vutolo.

Za kuchepa kwa magazi ndingodutsapo, poti ambiri mukuidziwa Hb, nambala yoonetsa ngati magazi achepa m'thupi. Bungwe la WHO limati magazi achepa akatsika pansi pa 13 g/dL kwa mwamuna, 12 kwa mkazi, ndipo kwa woyembekezera cha pa 11. Ndiye 11.5 kwa mayi wa pakati si yodetsa nkhawa, pamene 11.5 yomweyo kwa bambo wa zaka 45 imafuna tifunse kumene magaziwo akuthera. Khanda lobadwa dzulo likhoza kukhala ndi 17 popanda vuto. Wokhala ku mapiri a Dedza Hb yake imakwererako poyerekeza ndi ife a kunyanja kuno, kumene sitifika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere. Nambala imodzi, anthu osiyana, matanthauzo osiyana. N'chifukwa chake chithunzi chodukiza chija sindichiyankha.

Mantha a H sindiwo amandiopsa kwambiri. Chimene chimandiopsa ndi mtendere wa pepala lopanda H. Creatinine, amene timaonera mmene impso zikugwirira ntchito, amachokera m'minofu. Mlovi wokoka chilimira usiku ulionse akhoza kukhala ndi 112 µmol/L, makina n'kulemba H, impso zili bwinobwino. Agogo owonda ngati bango akhoza kukhala ndi 95, makina n'kukhala chete, impso zikutha. Munthu wa ma ARV okhala ndi tenofovir amene chaka chatha anali ndi 50 ndipo lero ali ndi 98, pa pepala la amuna manambala onse awiriwo sadutsa malire a kumtunda, koma awirikiza pafupifupi kawiri, ndipo dokotala akuyenera kudziwa lero lomwe. Adziwa bwanji ngati buku la kuchipatala lakale munalisiya dala kunyumba n'kugula latsopano pa geti kuti anthu asaone zimene zinalembedwamo? Ndimamvetsa chifukwa chake mumatero. Koma malire amene amanena zoona kwambiri za inu ndi zotsatira zanu zakale, ndipo mumazitsekera m'sutikesi.

Tikakuuzani kuti mubwerenso titengenso magazi ena, si kuti oyamba aja tagulitsa. Magazi oyenda mtunda wautali pa njinga yamoto m'dzuwa la Okutobala, kapena okokedwa movutikira, maselo ake amasweka ndipo mchere wa m'magazi wotchedwa potassium umaoneka wokwera mwabodza. Ndiponso tikati mubwere musanadye, tiyi wothira shuga ndi mandasi awiri ndi chakudya, achimwene.

Tsopano nkhani imene imandibwererabe. Mayi wina wogulitsa usipa, wa zaka za m'ma 50, anabwera akudandaula ludzu ndi kukodza usiku wonse. Ndinamuyeza shuga ine ndemwe. Makina amene tinali nawo tsikulo anali owerenga mu mg/dL, ndipo anaonetsa 250. Mzere unali wautali, ndinalemba m'buku mwake "250" basi, osaika tizilembo ta muyezo, monga timachitira ambiri tikapanikizika. Anauzidwa kuti shuga wakwera, azimwa mankhwala kuti atsike kuyandikira 100, ndipo anapita.

Mwana wake wamwamuna ali ku Joni atamva, anachita zimene mwana wabwino amachita: anatumiza kamakina koyezera shuga pakhomo. Ku South Africa amawerenga mu mmol/L. M'zipatala zathu mumapezeka makina a mitundu yonse iwiri, ndipo kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ka 18. Shuga wa 7 mmol/L ndi yemweyo wa 126 mg/dL.

Woyeza pakhomopo anali mdzukulu wa Fomu 3. Tsiku loyamba kamakina kanaonetsa 21. Anatsegula buku, anaona 250 wa dzanja langa. Anafufuza pa foni, anapeza kuti shuga wabwino amakhala pakati pa 70 ndi 100. Inuyo mukanaganiza chiyani? Banja lonse linagwirizana kuti mankhwala a kuchipatala awonjeza mphamvu, shuga wagwa kuchoka pa 250 kufika pa 21, ndipo anganga akhoza kukomoka. Anawasiyitsa mapiritsi. Anawasungunulira Sobo wokhathamira, anawagulira Fanta, tiyi ankathira masipuni anayi. Chonsecho 21 uja anali 378.

Patapita masiku awiri kanaonetsa 26, ndipo anakondwa kuti wayamba kukwera. Mayiyo ankangomwa madzi osakhuta, miyendo yalefuka. Wina wa pamsika anawagulitsa botolo la mankhwala "otsuka magazi". Kenako kamakina kanasiya manambala n'kulemba HI, kutanthauza kuti shuga wapitirira pamene iko kangathe kuwerenga, koma iwo anati mwina batire latha. Anadikira usiku wina. Pofika kwathu anali atakomoka, lilime louma ngati chikopa. Anamuika madiripi ndi insulin, ife tikuyeza ola ndi ola, koma impso zinali zitaima kale. Anamwalira usiku wachiwiri.

Mdzukulu uja anabwera pa windo ndi kope la sukulu. Anali atajambula mizere ndi rula: tsiku, nthawi, nambala, zimene adya. "Achimwene, ndimalemba chilichonse. Ndinalakwitsa pati?" Ndinamuuza kuti sanalakwitse kuwerenga, panangosowa womuuza kuti miyezo ilipo iwiri. Sindinamuuze kuti wosowayo ndinali ine. Kulemba mg/dL kutsogolo kwa 250 kukananditengera nthawi yochepa kuposa kutsokomola. Kuyambira pamenepo nambala siichoka pa tebulo langa yopanda muyezo wake, ndipo ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito amati ndine wovuta.

Ngati muli ndi kamakina kotere kunyumba, kayang'aneni lero. Pakona pa galasi lake pamalembedwa mmol/L kapena mg/dL. Munthu wosadya usiku wonse akafika 7.0 mmol/L, kapena nthawi ina iliyonse akafika 11.1 mmol/L, yomwe ndi 200 mg/dL, ali ndi ludzu ndi kukodzakodza, nkhaniyo ndi ya kuchipatala. Nambala yokhala ndi kadontho, monga 8.4, pafupifupi nthawi zonse ndi mmol/L. Ndipo mankhwala a shuga sasiyidwa pa msonkhano wa pabanja.

Botolo "lotsuka magazi" lija likundikumbutsa anthu amene akudyerera kusadziwa kumeneku. Mwawaona m'misika ndi m'tizipinda ta lendi pa boma: laputopu, kabokosi, ndi kachitsulo koti mugwire m'manja kwa mphindi imodzi. Magazi satenga, mkodzo satenga, koma amakusindikizirani masamba ambirimbiri a chiwindi, impso, mafupa ndi ubongo, chilichonse ndi malire ake ndi zofiira pambali. Kachitsulo kogwira m'manja sikangayeze mafuta a m'magazi kapena mphamvu ya impso. Manambalawo amachokera m'pulogalamu ya kompyuta, ndipo zofiirazo zimathera pa shelefu ya mabotolo ili kumbuyo kwa woyezayo. Anaba maonekedwe a pepala lathu chifukwa akudziwa kuti H amakuopsani. Mufunseni chiphaso chake cha Medical Council of Malawi muone mmene nkhani isinthire.

Ngakhale m'malo ovala magauni oyera muli zina zondinyansa. Widal, njira ina yoyezera taifodi m'magazi, ndi imodzi. Munthu watentha thupi masiku awiri, amuyeza kamodzi, zotsatira zati 1:80, basi "muli ndi taifodi", jakisoni wa masiku asanu, ndalama pa tebulo. M'dera limene anthu ambiri anakumanapo ndi tizilombo ta mtunduwu, athanzi ochuluka amaonetsa nambala yotereyi, ndipo malungo amatha kuikweza. Njira yodalirika ndi yomeretsa tizilombo kuchokera m'magazi. Pamene munthu akubayitsa taifodi ya pa pepala, chifuwa chachikulu kapena matenda ena enieni akupeza masabata aulere.

Ndipo pali nthawi imene simufunika kudikira pepala lililonse. Mwana amene wadwala malungo, zikhatho ndi m'maso mwayera, akupuma mothamanga, sakuyamwa, ameneyo Hb yake ikhoza kukhala pansi pa 5, ndipo chomupulumutsa ndi kuikidwa magazi, osati chidede kapena Fanta wa mphesa woti "awonjezere magazi". Kufufuza gulu la magazi ake ndi kuwayerekeza ndi a m'firiji kumatitengera nthawi, ndipo masiku ena firijiyo imakhala ilibe gulu lakelo. Mwana wotere akafika m'mawa timakhala ndi pothawira. Ambiri amafika cha m'ma 10 usiku, pa kabaza, atayamba adutsa kwina.