Hotela ya Stradford ndi ngongole ya ku Greenwood

Pa 1 June chaka chilichonse anthu a mumzinda wa Tulsa, m'chigawo cha Oklahoma ku America, amakumbukira tsiku limene Greenwood, dera la anthu achikuda, linasanduka phulusa azungu ataliwotcha mu 1921. Ndi mwambo wamaliro, koma mkangano sulephera kulowapo. Mu June 2024 khoti lalikulu la Oklahoma linataya mlandu wa agogo awiri opulumuka, Viola Fletcher wa zaka 110 ndi Lessie Benningfield Randle wa zaka 109, amene ankafuna chipepeso. Chaka chitatha, Monroe Nichols, meya woyamba wachikuda wa mzindawo, analengeza thumba la madola 105 miliyoni lothandizira nyumba, maphunziro ndi kukonza malo akale, koma lopanda ndalama yopatsa munthu pamanja. Ena anaombera m'manja. Ena akuti ngongole sabweza chotero.

Ngongole yake ndi yotani? Tiyambire pa munthu mmodzi, J.B. Stradford. Anabadwira ku Kentucky, mwana wa bambo amene anakhalapo kapolo. Anaphunzira ku Oberlin College, kenaka zamalamulo ku Indiana, n'kufika ku Tulsa mu 1899, kutangotsala pang'ono kuti mafuta apezeke m'nthaka ya m'deralo. Mafutawo atapezeka, mzinda unakula ngati bowa m'dzinja. Malamulo atsankho sankalola munthu wachikuda kugona m'hotela ya azungu kapena kudya nawo pamodzi, choncho ndalama imene wantchito wa m'nyumba ankalandira kwa bwana wake inkathera kumpoto kwa njanji, ku Greenwood. Stradford ndi mnzake O.W. Gurley anagula malo kumeneko n'kumagulitsa kapena kubwereketsa kwa anthu amtundu wawo. Pofika 1921 kunali anthu pafupifupi 10,000, madokotala, maloya, manyuzipepala awiri, nyumba ya kanema ya Dreamland, komanso hotela ya Stradford ya zipinda 54, imene inatsegulidwa mu 1918. Dzina loti Black Wall Street, limene deralo linapatsidwa poliyerekeza ndi msewu wa chuma wa ku New York, limakometsa zinthu pang'ono, paja ambiri kumeneko anali osauka ndipo misewu yambiri inali yafumbi. Komabe chuma chimene chinalipocho chinali chawochawo.

Lolemba pa 30 May 1921, mnyamata wa zaka 19 wopukuta nsapato, Dick Rowland, anakwera chikepe cha m'nyumba ya Drexel. Pamwamba pake ndi pamene panali chimbudzi chimene anthu achikuda ankaloledwa kugwiritsa ntchito. Chikepecho ankayendetsa mtsikana wachizungu wa zaka 17, Sarah Page. Munthu wina anamva kukuwa, n'kuona Rowland akuthawa. Zimene zinachitika m'katimo palibe mboni inaziona. Olemba mbiri ambiri amati mwina anapunthwa n'kumugwira mkono. Mtsikanayo sanafune kupitiriza mlandu, ndipo pambuyo pake unathetsedwa.

Koma mawa lake masana nyuzipepala ya Tulsa Tribune inali italemba kale kuti munthu wachikuda wagwidwa chifukwa choukira mtsikana m'chikepe. Opulumuka ena ankanenetsa kuti munalinso ndemanga yonena kuti apachikidwa usiku womwewo. Umboni wake ndi wapakamwa chabe, chifukwa m'nyuzipepala yosungidwa ya tsikulo mbali ina inang'ambidwa isanajambulidwe. Ine sindinganene kuti ndemangayo inalipodi, koma pepala silidzing'amba lokha.

Dzuwa likulowa, azungu mazanamazana anali atadzadza panja pa khoti pamene Rowland anatsekeredwa. Anthu a ku Greenwood sankaopa mphepo chabe. Miyezi isanu ndi inayi m'mbuyomo gulu linatulutsa mnyamata wachizungu, Roy Belton, m'ndende yomweyo n'kukamupachika. Ngati mzungu sanatetezedwe, nanga wopukuta nsapato? Woyang'anira chitetezo, Willard McCullough, anaika Rowland m'chipinda chapamwamba, n'kuzimitsa chikepe, n'kuika amuna amfuti pamakwerero. Cha m'ma 9 koloko usiku kunafika amuna achikuda pafupifupi 25 atanyamula mfuti, ambiri mwa iwo asilikali akale a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kudzadzipereka kuti athandize kulondera. Anawabweza. Itadutsa 10 koloko anabweranso, ulendo uno ali pafupifupi 75, gulu la azungu litafika cha m'ma 2,000. Anawabwezanso, ndipo anali akutembenuka kuti azipita pamene mzungu wina anayesa kulanda mfuti ya mmodzi wa iwo. Mfuti inalira. Kuchokera pamenepo panalibenso wogwira mnzake dzanja.

Chimene chinasandutsa ndewu ya pakhoti kukhala chiwonongeko ndi zimene akuluakulu a mzinda anachita usikuwo. Apolisi analumbiritsa azungu ambirimbiri kukhala apolisi ongogwirizira, ena mwa iwo ochokera m'gulu lomwe lija, n'kuwapatsa mfuti. M'bandakucha, cha m'ma 5 koloko, kunamveka mluzu, ndipo chikhamu chinaoloka njanji. Ankayamba atulutsa eni nyumba, n'kusankhamo katundu wabwino, kenaka n'kuyatsa moto. Dokotala wotchuka wa maopaleshoni, A.C. Jackson, anatuluka m'nyumba mwake manja ali m'mwamba. Anamuwombera, n'kufa tsiku lomwelo. Tchalitchi cha Mount Zion Baptist, chimene chinali chitangotsegulidwa milungu ingapo m'mbuyomo, chinapsa. Nyumba 1,256 zinatenthedwa, ndipo anthu pafupifupi 6,000 anatsekeredwa m'misasa.

Pa nkhani ya ndege, onse amavomereza kuti zinauluka pamwamba pa Greenwood. Loya B.C. Franklin analemba mu 1931 kuti anaziona zikuponya zinthu zoyaka pamadenga. Akuluakulu a nthawiyo ankati zinkangozonda. Pa chiwerengero cha akufa, mabuku a boma analemba 36. Bungwe lofufuza limene linatulutsa lipoti mu 2001 linati akhoza kufika 300. Kumanda a Oaklawn mu Tulsa kwakhala kukukumbidwa pofufuza ophedwawo, ndipo mu 2024 akatswiri anazindikira mafupa a C.L. Daniel, msilikali wakale amene anaikidwa popanda chizindikiro.

Mkangano wa lerowu unabadwa moto utazima. Boma linatcha zochitikazo zipolowe, ndipo m'mapepala a inshulansi munali ndime yoti kampani silipira katundu wowonongeka pa zipolowe. Ndi mawu amodziwo, zodandaula za anthu a ku Greenwood zinakanidwa. Bwalo lofufuza milandu linaloza chala amuna achikuda amene anapita kukhoti aja. Palibe mzungu amene anakhala m'ndende chifukwa chopha kapena kutentha. Khonsolo inakhazikitsanso lamulo loti womanga pamalo opsawo amange ndi zipangizo zosagwira moto, zimene munthu wotsala ndi malaya okha sakanazikwanitsa. Franklin, ofesi yake itapsa, anakhoma tenti, n'kuikamo tebulo ndi makina otayipira, ndipo iye ndi anzake anagwetsa lamulolo kukhoti.

Greenwood inamangidwanso ndi ndalama za eni ake, n'kuchita bwino m'ma 1940, mpaka msewu waukulu wa I-244 unadzaidula pakati m'ma 1960. Otsutsa chipepeso amati olakwa onse anafa kalekale, ndipo wokhoma msonkho wa lero sanatenthe nyumba ya munthu. Mfundoyo si yopanda pake. Kungoti khonsolo imene inapereka mfuti ija sinafe.

Stradford anaimbidwa mlandu woyambitsa zipolowe. Anathawira ku Kansas, mwana wake amene anali loya anamutulutsa pa belo, n'kukakhala ku Chicago. Anayesako mabizinesi ena koma sanadzukenso, ndipo anamwalira mu 1935. Mlandu wake unathetsedwa mu 1996, adzukulu ake akuonerera, iye atagona m'manda zaka 61. Za hotela ija, banja lake silinalandire ngakhale dola imodzi.